Kapiritsi ka pansi pa lilime

Lachinayi madzulo. Kunatentha koopsa lero, koma ndikadali moyo, afisi adikire kaye.

Chifuwa chinandigwiranso ndikupalira chimanga. Zinali ngati munthu wonenepa wandikhalira pamtima, ululu mpaka kumkono wamanzere. Ndinangoti khu pamzere, thukuta lozizira.

Asisita aja a kuchipatala ku Chama ndi anzeru zedi. Atandiuza kuti magazi akufika ochepa kumtima ndipo mtimawo watupa, ine ndinati watupa ndi chikondi. Sanaseke. Anangotembenuka n'kupereka mankhwala onse kwa akazi anga, aNyazimba, pamodzi ndi malangizo ake. Anandiwerenga msanga mwana uja!

Ndiye lero aNyazimba anataya khasu, n'kumasula kabotolo ka mapiritsi kamene amamanga pansonga ya chitenje. Ine sindinkadziwa n'komwe kuti amayenda nako kumunda.

"Khalani tsonga. Kwezani lilime. Osameza, osatafuna, osayankhula!"

Ndinafuna kuwauza kuti ndikafa njinga asapatse mlamu wanga, satha kukwera.

"Imwe aZgambo, mukangotsegula pakamwapo ndikuswani ndi mpini."

Ndinangovumata kapiritsi kamene anandiika pansi pa lilime. Kanthu kochepa ngati njere ya mapira, koma katasungunuka munthu wonenepa uja ananyamuka pang'onopang'ono, mpweya n'kuyamba kulowa. Amene anakapanga Mulungu awadalitse.

Mawa aNyazimba akuti tibwerere kwa asisita, ndipo palibe zokambirana. Ndawafunsa ngati analira kumunda kuja, akuti linali thukuta. Thukuta lotuluka m'maso, ine chibadwire sindinalionepo. Manje akundiitana kuti ndikamwe mankhwala amadzulo aja, ndipo ndikachedwa...