Chikwangwani cha pa Geti la Sanatoliyamu

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino, iwe ndi mkamwini wanga, ndi kamdzukulu kanga kamene ndimangokamvera kwa azakhali ako. Akuti kayamba kuimirira chogwira mipando, zoona? Ine kuno ndili gwa! Khala pansi kaye, chifukwa cholembera chikuthamanga kuposa mutu.

Dzulo adokotala anandiitana mu ofesi. Akuti makhololo anga awapima katatu konse ndipo majeremusi a chifuwa chachikulu mulibe. Mulibe, mwana wanga! Lamba uja ndinkamuboola ndi msomali tsopano akundithina. Ndituluka Lachisanu la sabata yamawa. Ndinayesa kuvina pakhonde, patapata nkuduka.

Koma nkhani yeniyeni ndi iyi. Sabata ziwiri zapitazo amayi oyang'anira wodi yathu anamva kuti ndine wolemba zikwangwani. Anati cha pa geti chafufutika, kodi manja akadalipo? Ndinati manja sanachokepo, amene anandithawa ndi mapapo. Anandipatsa bulashi, penti wobiriwira ndi makwerero.

Khalidwe langa ukulidziwa: sindilemba mawu amene sindikuwadziwa tanthauzo. Zaka makumi atatu ndalembera ometa, osoka nsapato, ogulitsa matayala, ndipo aliyense ndinkamufunsa kaye. Tsono apa mawu ake ndi "Sanatoliyamu". Miyezi khumi ndi inayi ndagona muno osafunsapo. Ine ndinkangoti ndi kudzala kotayako anthu.

Ndinafunsa mnzanga wa bedi loyandikana ndi langa, mphunzitsi wopuma ntchito amene timamutcha a Dikishonale. Anakhosomola kaye, nkuvala magalasi ngati pali choti awerenge. Akuti mawuwa anachokera ku Chilatini, ku liwu loti "sanare", ndiye kuti kuchiritsa. Kale mankhwala a chifuwa asanapezeke, ankamanga nyumba zoterezi kutali ndi utsi ndi fumbi, nkumatulutsa odwala ndi mabedi awo omwe pakhonde, kuti azipuma mpweya wabwino ndi kudya mokwanira kwa miyezi yambiri. Akuti n'chifukwa chake khonde lathu ndi lalitali chonchi, ndipo zitseko n'zotambalala.

Ndinangoti kukamwa yasa! Ine masiku onsewa ndinkayesa zitseko zija anazikulitsa kuti bokosi la maliro lizidutsa bwino.

Ndinatsutsa ndithu, ndinati aphunzitsi akundinamiza ngati mwana wa sukulu. Ndinakafunsa adokotala, iwo nkuseka, amvekere n'zoona, nanga anzanu timawatulutsa bwanji?

Tsiku limenelo ndinakwera makwerero. Nditamaliza chilembo choyamba ndinayang'ana pansi, ndipo ndinaona pamalo penipeni pamene unaima tsiku unandibweretsa. Unali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, mapazi otupa, utasenza chikwama changa. Ine pamaso pa mlonda ndinakuuza kuti wanditaya kudzala ngati chitini chotha penti, ndipo usadzabwerenso ngakhale ku maliro anga. Unangoika chikwama pansi nkutembenuka.

Ndinalira pa makwerero pomwepo, munthu wamkulu ndi ndevu zanga. Mlonda ankayesa ndi fungo la penti.

Iwenso nawe, pa malamulo onse amene ndakupatsa chibadwire, unasankha kumvera limeneli? Komatu usandiyese wopusa. Sopo ndi shuga zimene azakhali ako amabweretsa nkumati agula okha, ndikudziwa kumene zimachokera. Mlongo wanga uja sanagulepo sopo wonunkhira chiyambire.

Ndinalakwa, mwana wanga. Ndinali ndi mantha, ndipo mantha aja ndinawakhuthulira pa iwe. Pepa. Akuluakulu amati madzi akatayika saoleka, koma ine ndagwada ndikuyesabe.

Chikwangwani ndamaliza, ndipo n'chokongola zedi, sindikudzitama! Zilembo khumi ndi ziwiri, zowongoka ngati dzanja silinanjenjemerepo. M'munsi mwake ndinapempha chilolezo nkuwonjezera timawu tiwiri: "Malo ochiritsira". A Dikishonale anachita kuwakankha pa njinga ya odwala kuti akaone. Anapeza kuti chilembo chimodzi chapendekeka pang'ono, koma imeneyo ndi nsanje chabe.

Tsono pempho langa ndi ili. Bwera Lachisanu m'mawa, udzaime pomwe paja. Mlonda ndi yemwe uja, ndamuuza kuti asasinthane ndi mnzake. Iye anamva ndikukutukwana, amvenso ndikukupepesa. Ubwere ndi mwanayo. Adokotala ndawafunsa kawiri, akuti tsopano ndikhoza kumunyamula popanda kumupatsira chilichonse. Ndakhala ndikuyeserera ndi pilo.

Ukapanda kubwera sindikwiya, ndilibe pakamwa poti nkudandaulira. Ndidzakhala pa benchi la pa geti ndi chikwama chomwe chija mpaka basi yomaliza idutse. Ndipo ngati sudzatha kundiyang'ana kumaso, udzangoyang'ana m'mwamba, uwerenge timawu tiwiri tija. Sindinalembere odutsa m'njira. Ndimafuna udziwe kumene unawasiya bambo ako.

Undiperekere moni kwa mkamwini wanga ndi kwa apongozi ako. Kamdzukuluko ukauze kuti agogo ake ndevu ameta kale. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine bambo ako,
wa penti kumanja