Ababa Anapepesa Maliro kwa Oimba Gitala

Amayi, kumeneko mukudzukako bwanji?

Ndine Jowaki, mwana wanu wokongola kuposa onse, ngakhale pa anthu munkakana. Kuno tili pyadidi, monga munkanenera. Mkazi wanga Dominga wabereka mwana wamkazi, mphuno yanu yeniyeni, ndipo akalira amamumva ku Mozambiki. Mapira tinakolola, koma mbalame zinadya mosaopa, poti mwini kukuwa uja kulibe. Mbuzi yanu yamawanga yaswa tiwiri.

Nkhani ndi ya ababa. Chimetereni maliro anu, ulimba wawo, mangolongondo a zikho aja, sanaukhudze. Ankangokhala pansi pa msau, maso kunjira ya kumanda. Sanalire, Amayi, ngakhale tsiku loika. Chakudya ankangolawa. Paja inu munkati, “Bambo wanuyu akadzasiya kutukwana, mudzathamangire sing’anga.” Anasiyadi.

Loweruka lapitali kuholo ya kuesiteti ku Nchalo kunabwera bandi ya magitala amagetsi yochokera ku Zambia. Otsegulira alendowo anali Zuze wathu ndi anzake awiri, pa ulimba wa ababa. Pounyamula, mwini wake sanacheuke n’komwe. Ndinawakakamiza kukwera njinga kuti akaone mwana wawo. Mukudziwa ine ndikapalasa, sitima imachita manyazi. Koma anali opepuka, Amayi, ngati mtolo wa bango. Pakhomo tinaonetsa makadi a chipani n’kulowa, dzuwa lidakali pamutu.

Zuze anayesetsa, koma ulimba unakana. Mukukumbuka tinsalu toyera ta kangaude timene munkatola kudenga la khola, n’kumata pa tiziboo ta zikho kuti mawu azinjenjemera? Tija tinang’ambika, Zuze n’kumatapo mapepala opichirira fodya. Unkangoti gu gu gu ngati munthu akugogoda chitseko cha eni. Anthu anayamba kucheza zawo, wina n’kukuwa, “Tipatseni nkhunizo tikaphikire!” Ndinayang’ana ababa kuti mwina pano akwiya. Anangoweramitsa mutu. Pamenepo ine, amene ng’ona zimandipatsa njira, ndinaopa.

Kenaka anatulukira alendo aja, anyamata anayi, malaya amaluwamaluwa, mitu yonse mpala, ina ndi mabala a lezala. Ife odula nzimbe tinali titamva kale kuti anabwera ndi tsitsi lofika m’mapewa, ndipo anawameta pachipata cholowera m’dziko muno, malinga ndi lamulo lija loletsa amuna kusunga tsitsi lalitali. Zambiri sindilemba. Koma ababa anandikodola. “Anawa aferedwa ndani? Onse anayi ameta.”

Mawindo anawaphimba ndi mabulangete, nyali zofiira ndi zobiriwira zikuyenda pakhoma ngati mafuta pamadzi. Ng’oma zinayamba mwaulesi. Kenaka wamtali wa gitala anaponda kabokosi kena pansi, chingwe n’kulira. Amayi, ndamvapo mvuu, ndamvapo sitima pamlatho wa Chiromo, koma ichi ayi. Liwu limodzi ankalikoka osalidula, likunjenjemera ngati njuchi m’mphako, kukwera, kugwa, kudzukanso, ngati mayi amene wafika mochedwa n’kupeza aika kale. Nyimbo imodzi inatalika moti ndikanapalasa kukafika ku Bangula n’kuipezanso. Achinyamata ankavina atatsinzina. Ababa anavula chipewa.

“Muli kangaude m’menemo,” anatero, misozi ikutsikira m’ndevu. Analira, Amayi, mapewa akugwedezeka, phokoso lonse lija litawaphimba ngati nsalu. Wowaona ndinali ine ndekha. Za ine musafunse, muholomo munali fumbi.

Nyimbo zitatha anadzuka osagwirizidwa, n’kupita kutsogolo. Ananjuta, n’kuomba m’manja mwakachetechete monga pasiwa. “Pepani, ana anga. Nafenso tinataya mayi.” Wamtali uja anandiyang’ana modabwa, ine n’kumupempha ndi maso. Anasisita mpala wake, kenaka anagwada n’kugwira dzanja la ababa ndi manja awiri. “Pepani inunso, atate.”

M’mawa mwake chinandidzutsa ndi chitonzo. Ndinawapeza m’khola atakwera pamtondo, mpeni kumanja, akusanthula denga. “Zuze, galu iwe! Mapepala a fodya pa ulimba wanga? Bwera udzagwire mtondowu ndisanakumete ndi nkhwangwa!” Chibadwire sindinamvepo nyimbo yokoma chotero.

Akuti pa bona, tikadzafulula mowa wokukumbukirani, ulimba adzaimba okha. Za tsitsi lija sindidzawauza, ndipo nanunso mukawayendera kutulo musaulule. Mtondo uja ndi wogwedera, Amayi, choncho ndikulonjeza kuti kudenga ndizikwera ndine. Mundilozereko pokhala akangaude anu, poti ndafunafuna khola lonse, ndangopezako kansalu kamodzi.

Ndine wokukondani mpaka tidzaonane,
Jowaki