Tayi Yofiira ndi Chimanga cha ba Dailes

Lachinayi, 17 Okutobala

Kutentha kwa lero, mayo ine. Magetsi kulibe chiyambire dzulo. Sopo watsala kachidutswa.

Msonkhano wa kalabu yathu ya Chifundo nthawi ya nkhomaliro. Wapampando ine, wachiwiri wanga Clarissa. Ba Ticha Humphrey, oyang'anira kalabu, akuti mapulifekiti atsopano asankhidwa mwezi wa mawa, ndipo aphunzitsi akuyang'ana mwana amene ntchito yake ikuoneka. Amanena akuyang'ana ine, kenako Clarissa. Hedigelo ndi mmodzi basi.

Tayi yofiira ija ya hedigelo ndikuifuna. Ndikuifuna moti ndikaiona pakhosi pa wina ndimayang'ana kumbali. Ku Giredi 8 ana a ku mapuloti, aja makolo awo amagwira ntchito ku Lusaka, ankanditcha Chautsi, poti yunifolomu yanga inkanunkha khitchini ya amayi. Dzinalo ndalipha ndi thukuta. Kuyanika zovala kutali ndi moto, dibeti, kwaya, Chizungu mpaka lilime kuwawa. Chaka chino palibe walitchula.

Ganizo langa ladutsa: Loweruka tikathandize ba Dailes, amasiye a kuseri kwa manda a mishoni. Bondo lawo latupa, pakhomo pachita tchire. Clarissa akuti abweretsa foni ya adadi ake, ya kamera yabwino. Abweretse.

Loweruka, 19 Okutobala

Tapita. Tabwera. Pakhomo pa ba Dailes pawala.

Chakudya chakana kutsika. Amayi akuti ni dzuwa.

Lolemba, 21 Okutobala

Ndilembe, mwina chichoka pamtima.

Ba Dailes tinawakhazika pansi pa mango kuseri kwa nyumba. Clarissa kuwawenga zikhadabo, wina kujambula. Iwo fodya wa mphuno m'manja, pakamwa osatseka, kunena aliyense. Akuti miyendo ya Clarissa sinaonepo munga. Anthu kuseka. Ba Ticha anali asanafike.

Anyamata analowa m'khitchini kukasasa mwaye kudenga. Calvin anatuluka atanyamula mtolo ndi zala ziwiri, nkhope atakwinya. Chimanga chomangidwa ndi makoko ake, chakuda bii. Chinali chopachika pamwamba pa mafuwa. Akuti, “Ba Chair, ichi ni chani? Ni mankhwala?” Mtsikana wina akuti funsani Pepe, ni za kwao izi. Calvin ananunkhiza mtolo uja, nandiyang'ana, akumwetulira. Akuti, “Chinunkha monga munthu wina wake wa mu Giredi 8.”

Dzina lija linali pamilomo pawo. Ndinaliona likubwera.

Ndinati, “Kaya. Ni doti chabe. Tayani.”

Ine, Perpetua, mwana wa mlimi. Ndimadziwa. Ndi mbewu. Amaipachika pa utsi kuti anankafumbwe asaiboole, idikire mvula. Kwathu imapachikidwa chimodzimodzi chaka ndi chaka, kupatula chino chimene chilala chatisiya manja lende.

Anauponya pa mulu wa udzu ndi masamba. Ndinati mumtima, akapita kukasamba m'manja ndikautola, ndikaubweza. Koma Clarissa anafuna chithunzi cha moto, kuti zioneke kuti tagwira ntchito. Udzu wa Okutobala sudikira munthu. Chimanga chinayamba kuthetheka ngati mbuliwuli, iwo kuwomba m'manja. Nanenso ndinawomba. Mulungu wanga, ndinawomba.

Atapita kumjigo ndinatokosa phulusa ndi kamtengo. Chimodzi chokha chinatsala, chopsa mbali imodzi. Ndinachibisa mu chitenje.

Lachitatu, 23 Okutobala

Zithunzi zili pa bolodi la sukulu. Ine pakati, tsache m'manja, mano onse panja. Ba Hedi andigwira chanza pakhonde.

Amayi akudzuka mbandakucha kukumba maenje obzalamo, aja a gamphani, m'munda asanapite kukakolopa ku chipatala cha mishoni. Nthaka ngati simenti. Manja awo ang'ambika.

Madzulo akupala mphika ananena ngati nkhani wamba. Akuti dera lonse lino wokolola kanthu chaka chino ni ba Dailes okha, pa kachulu ka m'mbali mwa dambo, kuthirira ndi chitini, bondo lomwelo. Sanadyeko ngakhale chimodzi. Chimanga cha makolo, gankata, chija sichilira fataleza kwambiri ndipo umabzala chomwecho chaka chamawa. Akuti, “Ananilonjeza kapu imodzi. Na azimayi ena a kutchalitchi alindira kwa iwo.” Kuno ndi mmene timachitira. Amene yake yapulumuka amagawira anzake pa kapu, iwo n'kudzabweza akakolola.

Ndiye kuti maenje onse aja akudikira mtolo uja.

Ndinatuluka. Ndinakakhala kuseri kwa bafa.

Lachinayi, 24 Okutobala

Tchuthi cha ufulu. Ena apita ku boma kukaona magule. Ine ndati mutu.

Ndasola njere za mbali yosapsa. Sizidzaza ndi dzanja lomwe. Ndazikulunga m'kansalu konyowa, pa kambale, pansi pa bedi, monga tinachitira mu sayansi. Zikatulutsa mizu ndikazipereka. Ndikanena kuti ndinazipulumutsa. Si bodza lonse.

Mariya Woyera, zimere chabe.

Loweruka, 2 Novembala

Mitambo kum'mawa. Mphepo yonunkha mvula, koma sinagwe.

Amayi anatenga kapu yathu ya pulasitiki, ya buluu, kupita kwa ba Dailes. Anapita akuimba.

Anabwera osaimba. Kapu anaiika pa tebulo chozondotsa.

Akuti anawapeza m'khitchini, atakhala pansi, akuyang'ana kudenga. Ba Dailes anazindikira tsiku lomwe tinapita lija pokoleza moto, koma sanauze munthu. Ankaganiza kuti anawo anaika pena pake. Afufuza m'nyumba monse, m'nkhokwe yopanda kanthu, mpaka m'chimbudzi. Kenako anakapeza zitsononkho zamakala pa dzala.

Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali. “Pepe, iwe unali kuti?”

Ndinati ndinali kumjigo, kutunga madzi.

Anati, “Oho.” Basi.

Lamlungu, 3 Novembala

Misa ya akufa athu. Kutuluka m'tchalitchi ndinafuna kuzemba, koma ba Dailes anandikola ndi ndodo yawo pa mwendo. Aonda. Kwaya sanaimbe nawo lero, iwo amene amaposa onse ndi mawu awo okhota aja.

Anandigwira dzanja ndi manja onse awiri. Akuti, “Mwana wa Nelesi, usadandaule. Aja a ku mapuloti sadziwa kanthu, aganiza chimanga chimamera mu shopu. Amako aniuza unali kumjigo. Ninadziwa ine. Ukanakhalapo iwe sembe sichinapse.”

Akuti amva za uhedigelo. Akundipempherera korona kuti asankhe ine, ndikawaphunzitse anawo.

Akanandimenya ndi ndodo ija bwenzi zili bwino. Ndinangoti zikomo ambuya. Zikomo! Pakamwa panga pali ngati dzala.

Lachiwiri, 5 Novembala

Ndinapita kwa ba Ticha Humphrey. Ndinati tsiku lija anyamata anatentha mbewu ya ba Dailes mosadziwa. Anyamata. Ndi mmene ndinaikira.

Anagwira mutu, kenako anatseka chitseko. Akuti ni zachisoni, koma lipoti la ntchito yathu lapita kale kwa ba Hedi, tisaononge chinthu chabwino. Akuti temu ya mawa kalabu idzachita kanthu, mwina kuwagulira kapaketi ka mbewu ya kusitolo. Temu ya mawa ndi Januwale. Abzala chiyani mu Januwale, bonongwe? Ndipo ya kusitolo popanda fataleza imangoima ngati udzu. Ndinafuna kuwauza zimenezo. Ndinakumbuka tayi. Ndinati yes sir.

Anamuitana Calvin, anamukalipira pang'ono. Pobwerera Calvin anandipeza pa geti. Sanakweze mawu. “Ndiwe unakamba ati ni doti. Nikambe?”

Sananene. Akungondiyang'ana m'kalasi, akumwetulira. Ndimamuda. Ndimamuda chifukwa iye sanadziwe, ine ndinadziwa.

Lachisanu, 8 Novembala

Njere zatupa. Imodzi yatulutsa kanthu koyera kunsonga! Ndagwada pansi, ndapsompsona kambale. Imodzi ndi imodzi ndithu. Chimanga chimodzi chimabala mazana.

Lamlungu, 10 Novembala

Sunali muzu. Mphutsi.

Zina zonse zachita chuku. Kansalu kakununkha. Kutaya ndikulephera. Ndathiranso madzi ngati chitsiru, ndakankhira kukhoma.

Lachiwiri, 12 Novembala

Yagwa. Yamphamvu, ya mabingu, kuyambira masana. Kusukulu ana kuvina pabwalo, mabuku pamutu.

Amayi apempha tsiku ku ntchito. Abzala chimanga chija anagula pamsika kuti tikagaye. Chosadziwika mtundu, china choboola kale. Akuti nthaka yanyowa, siingagone yopanda kanthu. Kaya chimera. Ufa watsala wa masiku ochepa, ndipo chomwe tikanadya chili pansi pa dothi.

Ndinadutsira kuseri kwa manda dala. Munda wa ba Dailes. Maenje m'mizere yowongoka bwino, okumbidwa ndi munthu wa bondo limodzi, onse odzaza madzi. Iwo ataima m'mphepete, thumba la saka pamutu. Osachita kanthu. Kungoyang'ana.

Sanandione. Ndinathamanga.

Lachinayi, 14 Novembala

Clarissa anandipatsa theka la bani lake. Akuti akasankha ine sadzakwiya, poti ganizo la kwa ambuya aja linali langa. Akuti adadi ake anaonetsa zithunzi ku ofesi kwawo. Sadziwa kanthu mwana uyu. Ndi wabwino, ndipo zikundinyansa.

Ba Dailes sanabwere pa korona ya azimayi dzulo. Amayi anawapititsira phala. Akuti linabwerako theka.

Lachisanu, 15 Novembala

Ndine hedigelo.

Pa asembule ba Hedi anatchula za kwa ba Dailes. Akuti utsogoleri ndi kuona chosowa cha mnzako. Anandimanga tayi okha. Manja, mluzu, Clarissa kundikumbatira. Calvin anawomba m'manja mochedwa, pang'onopang'ono, kuti ndimuone. Ndinadikira chimwemwe chija ndachisunga kuyambira Giredi 8. Sichinabwere.

Kunyumba ndinalowa tayi ili pakhosi. Pa tebulo kambale kanga. Kansalu kotsegula, njere zowola, pambali pake chitsononkho chopsa mbali imodzi. Amayi anamva fungo posesa, anayesa khoswe wafera pansi pa bedi.

Anali atakhala pa mpando, manja pa maondo. Tayi sanaiyang'ane n'komwe. “Ichi unachitola kumjigo?”

Ndinanena zonse. Calvin, mtolo, mawu anga aja. Ndi dzina lija, limene sindinawauzepo zaka zonsezi. Ndinaganiza kuti akamva za dzinalo andimvera chisoni.

Anakulunganso kansalu kaja. Kenako, motsitsa, “So utsi wa khitchini yanga ndiye unakuchititsa nsoni. Wamene unakulera.”

Sanandimenye. Sanalire. Anapita kukaphika, anandipakulira, anandiikira madzi osamba m'manja monga mlendo.

Loweruka, 16 Novembala

Kwacha ndi kamvula kowaza.

Yunifolomu sinali pa msomali pomwe ndinaisiya. Ndinaipeza m'khitchini. Amayi anaisita bwinobwino, shati, siketi, tayi yomwe, n'kuzipachika pa phaso pamwamba pa mafuwa, pamene pamakhala mbewu yathu. Zagona pamenepo. Nkhuni zinali zonyowa, utsi wake wosanena.

Ndinati lero kulibe sukulu.

Akuti, “Nidziwa. Vala. Na tayi. Ba Dailes akupempherera kuti akusankhe, akaone kuti pemphero lawo layankhidwa. Ukakambe wekha na pakamwa pako. Ine nizaimirira panja.”

Ndavala. Ndikununkha kuyambira kukhosi mpaka m'mawondo. Lolemba ndikaima kutsogolo kwa sukulu yonse ndi fungo lomweli, poti sopo watha ndipo dzuwa kulibe.

Kambale akuti ndinyamule ine.

Amayi ali pakhomo, aitana kachiwiri. Ndikuyeserera mumtima mawu okanena. Ambuya, tsiku lija sindinali kumjigo. Ambuya, ndinalipo, ndipo ndine ndinati