Munda Ukhale Pampando

Chiang Mai
Loweruka, 19 Julaye

Okondedwa Na Duang,

Landirani moni wanga, manja onse awiri ali pachifuwa. Muli bwanji kumeneko? Msana uja ukukuvutanibe mukawerama nthawi yaitali pa njinga zamoto za anthu? Nanga Amayi, akumwa mankhwala awo a mtima osadumphitsa? Ine kuno ndili bwino. Ndikudya. Ndayankhiratu chifukwa ndikudziwa kuti funso lanu loyamba ndi lomwelo.

Mudabwa kuona kalata poti Lamlungu lililonse timalankhulana pafoni. Koma pafoni inu mumafunsa ngati ndadya, ine n'kuti ndadya, kenaka tonse timangomverana kupuma mpaka mupereke foni kwa Amayi. Pepala lokha silindithamangitsa.

Kuno mvula yakhazikika. Bedi langa chaka chino lili pafupi ndi zenera, ndipo m'mawa ndimaona mitambo ikutsika phiri la Suthep pang'onopang'ono ngati ng'ombe zopita kumadzi. Masiku ena phirilo limasoweratu, n'kutsala kachisi yekha akuyandama m'mwamba. Ndimachedwa kuvala chifukwa choyang'ana zimenezo. Mumandiseka kuti dzina lakuti Mek, lotanthauza mtambo, linandiyenera, kuti ndinedi mtambo wosadziwa kokagwetsa mvula. Anzanga kuno nawonso amangonditcha Mtambo.

Zovuta ndi zazing'ono. Nsapato zanga sizikuuma, ndiye ndikumaikamo mapepala. Ambulera yobiriwira ija ndinaiwala m'galimoto yofiira ya matola, musawauze Amayi. Mpunga womata wa kuno amauphika wambirimbiri nthawi imodzi, ukafika m'mbale umakhala utazizira kale. Masamu akuyenda. Zipatso za lamyai zadzaza m'misewu, ndipo nthawi yopuma ndimakhala pamasitepe a kuseri kwa nyumba ya mabuku, ndikusenda zipatsozo n'kumaonerera anthu.

Tsopano nkhani imene yandilembetsa.

Pa tchuthi cha mu Epulo, anthu akuthirana madzi mumsewu pokondwerera chaka chatsopano, inu ndi Amayi munandikhazika pamkeka pansi pa nyumba yathu yomangidwa pamwamba pa nsanamira. Amayi anati poti lamulo linasintha n'kulola akazi awiri kukwatirana, ndipo munakalembetsa ukwati wanu kuboma mu Januwale, tsopano nanunso mungalembedwe kuti ndinu kholo langa. Anati popeza ndapitirira zaka khumi ndi zisanu, akuboma afuna kumva pakamwa panga kuti ndavomera. Ine ndinangoyang'ana girizi wakuda wa m'zikhadabo zanu. Patapita kanthawi munaimirira n'kunena kuti pali njinga imene ikukudikirani, chonsecho pa masiku a chikondwerero palibe amene anabweretsa njinga.

Lamlungu lathali Amayi anandiuza motsitsa mawu kuti mwati nkhaniyi ithe, mwana asakakamizidwe. Akuti mapepala okalembetsera kuboma mwawaponya pamwamba pa kabati, ndipo mukuganiza kuti ndimachita nanu manyazi.

Na Duang, si choncho ayi.

Ndikudziwa chimene mapepalawo atchinga. Chaka chatha Amayi atagonekedwa kuchipatala ku Nan, ndinali pabenchi la pakhonde ngati ndikuwerenga. Amalume Sawat anakuuzani kuti zinthu zikavuta mwana apita kwawo ku Phrae, chifukwa pamaso pa boma inu sindinu kanthu kwa iye. Anawonjezera kuti mwachita bwino kumusunga, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Inu munayankha mawu ochepa okha, kuti, «Si wa mnzanga, ndi wanga.» Kenaka munapita kukandigulira mkaka wa soya. Kuyambira tsiku limenelo, Amayi akangotsokomola pafoni ndimayamba kuona msewu wa ku Phrae. Sindikufuna kupita ku Phrae.

Chimene chinanditseka pakamwa mu Epulo ndi china, ndipo mwina mudzaseka.

Mukukumbukira mmene ndinabwerera kuchokera kunyumba yosungirako ana, ndili ndi zaka zinayi, ndisakulankhula ndi munthu? Nthawi imeneyo papepala lotengera mwana pankalowa dzina la kholo limodzi lokha, ndiye panalowa la Amayi. Inu munandiphunzitsa kuti ndizikutchulani Na, ngati ndinu mng'ono wawo wa Amayi, kuti anthu a kumsika asamatisinjirire. Koma lilime langa linkalephera kukweza mawuwo. Ndinkawanena mosalala, ndipo akanenedwa mosalala amatanthauza munda wa mpunga. Mudzi wonse unaseka. Mpaka lero agogo a Kham a pagolosale akandiona amati, «Thamanga iwe, munda wako wagona pansi pa njinga!»

Amayi ankafuna kundiwongola, koma inu munawaletsa. Munati asiyeni, mpunga wonse umamera pena n'kukulira pena, mbande imazulidwa panazale n'kukawokedwa m'munda. Sindinamvetse nthawi imeneyo, koma mawuwo ndinawasunga.

Nditayamba sukulu ndinaphunzira kuwakweza bwino mawuwo. Azakhali onse a m'mudzi ndimawatchula moyenera. Kwa inu nokha sindinasinthe. Sindikudziwa ngati munazindikira kuti ndinkachitira dala.

Ndiye mutandifunsa pamkeka paja, chimene chinandifikira msanga ndi ichi: boma likakulembani kuti ndinu mayi wanga, aliyense adzati ndizikutchulani Amayi, ndipo Na adzapita kuti? Ndinataya kale munthu mmodzi, amene anandibereka, ndipo sindikumbuka ngakhale mmene ndinkamuitanira. Nthawi zina ndimafufuza mawuwo m'kamwa mwanga ngati munthu wofufuza dzino loguluka, koma ndimangopeza malo ake. Ndinaopa kuti ndikavomera, mawu enanso aguluka. Ndinkafuna kunena zimenezi, koma pamene ndinkazisonkhanitsa n'kuti inu mutapita kale kunjinga yanu ija.

Kuyambira pamenepo pali loto limene limandibwerera. Ndimalota holo ya kusukulu yanga yakale ya ku Pua itadzaza madzi ngati munda wokonzeka kuwokedwa. Azimayi akhala pamipando m'mizere, mapazi ali m'madzi, ndipo maluwa oyera a mali akuyandama pakati pawo. Kulibe phokoso lililonse. Mitambo ikuoneka m'madzimo, pansi pa mipando. Inu muli kugeti panjinga yanu, injini ikulira koma osamveka. Ndimafuna kukuitanani kuti mulowe, koma sindidziwa mawu oti ndikuitanireni, ndiye ndimangoima ndi nkhata ya maluwa m'manja mpaka belu la m'mawa.

Lotolo silinama kwenikweni. Chaka chilichonse pa mwambo wa Tsiku la Amayi mpando unali umodzi pa mwana aliyense. Amayi ankakhala, ine n'kugwada, kupereka nkhata, n'kugunditsa mphumi pamapazi awo. Anzanga ankatsinzina n'kumalira. Ine ndinkatsegula diso limodzi, chifukwa mutu ukakhala pansi, pakati pa miyendo ya mipando pamaoneka geti. Ndinkaona nkhwaira zanu zothimbirira ndi oilo, phazi limodzi pansi, lina panjinga. Munkati mukulondera njinga kuopa akuba. Njinga ijadi, Na, yokhala ndi chishalo chomanga ndi mphira? Wakuba akanaiba akanabweza yekha.

Kuno mwambowo udzachitika Lachisanu pa 8 Ogasiti. Aphunzitsi a Wilai, oyang'anira kalasi yathu, analengeza kuti mpando ndi umodzi pa wophunzira aliyense monga mwa nthawi zonse. Lachitatu ndinawatsatira pakhonde. Kanali koyamba kuwalankhula asanandifunse kanthu, moti anayang'ana kumbuyo kwanga kuona ngati pali wina. Ndinapempha mipando iwiri. Anayankha mokoma kuti holo ndi yaing'ono, ndipo akalola ine mawa lake aliyense abwera ndi agogo ndi azakhali. Ndinati si azakhali. Anafunsa kuti nanga ndi ndani.

Ndinatsegula pakamwa, ndipo panatuluka mawu anga omwe aja, osalala. Aphunzitsi anakweza nsidze n'kufunsa ngati ndikufuna kukhazika munda wa mpunga pampando. Nkhope yanga inatentha. Koma ndinapitiriza. Ndinati ndi mkazi wawo wa Amayi, amene anandilera, ndipo waima pageti zaka zonsezi. Aphunzitsi anati amva, koma mipando ndi yomweyo.

Kumbuyo kwathu kunali Kong, mnyamata amene amagona pabedi la pamwamba pa langa, atasenza makope a kalasi. Ndi waphokoso, amaimba akusamba, ndipo ndinali ndisanalankhule naye zoposa kupemphana sopo. Amayi ake amagwira ntchito kufakitale ku Korea. Chaka chatha ndinamuona akugwadira mpando wopanda munthu, ataikapo foni imene amayi akewo ankalankhulirapo, ndipo foniyo inaduka mwambo uli mkati.

Anatula makopewo pakhoma n'kunena kuti, «Iwe Mtambo, enafe tilibe ndi mmodzi yemwe wobwera, iwe uli ndi awiri n'kumayenda ngati galu wonyowa? Tenga mpando wangawo. Koma mmodzi mwa iwo adzandibwereke mapazi, ndatopa kugwadira foni.»

Aphunzitsi a Wilai anaseka mpaka kuchotsa magalasi, kenaka anati zatheka. Kong akuti mumubweretserenso soseji ya kwathu, chifukwa mpando suchoka wopanda kanthu. Masiku ano amabwera kumasitepe kwanga n'kumandidyera lamyai. Amalankhula kwambiri, koma ndayamba kuzolowera.

Choncho pempho langa ndi limodzi: mubwere ndi Amayi pa 8, mudzalowe m'holo, mudzakhale pansi.

Ndikudziwa zimene munene. Munena kuti mulibe siketi. Bwerani ndi buluku lanu lakuda ndi malaya amene munavala kuboma mu Januwale. Munena kuti tsitsi lanu lalifupi lidzaonetsa anthu. Aone. Musadzakwechenso zikhadabo mpaka kutuluka magazi ngati tsiku la ukwati lija, girizi ameneyo ndiye wandigulira nsapato zonse zimene ndavalapo. Ndipo njinga muisiye kunyumba, mukwere basi, kuti pageti pasadzakhale choti mulondere.

Mapepala aja atsitseni pakabati mphemvu zisanawadye. Ndikabwera pa tchuthi cha mu Okutobala tidzapite kuboma tonse atatu. Akadzandifunsa ndidzati inde, ndipo ndidzakweza mawu kuti asadzafunse kawiri. Iwo adzalembe dzina lililonse limene lamulo lawo likufuna. Ine ndikungopempha kuti langa lija mundisiyire. Ndikadzagunditsa mphumi pamapazi anu ndidzakuitanani mmene ndakhala ndikukuitanirani, ndipo ulendo uno ndidzatsinzina maso onse awiri.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwauze kuti mapazi amene Kong adzagwadire ndi awo, akonzekere chifukwa akuti amalira mokweza. Moni kwa agogo a Kham, kwa msuweni wanga Fon ndi kamwana kake, ndi kwa Amalume Sawat mukakumana nawo. Galu wathu Dam mumukande kuseri kwa khutu m'malo mwanga.

Musayankhe ndi kalata, ndikudziwa kuti kulemba kumakupwetekani kuposa msana. Lamlungu mukadzafunsa ngati ndadya, mudzangowonjezera nthawi imene basi idzafike.

Ndine mbande ya m'munda mwanu,
Mek