Timiyala ta ku Mgodi

Lolemba, 3 Malichi

Nkhuku yachitatu yafa. Dokotala wa ziweto waitumbula, m'nthutumba muli timiyala tonyezimira. Mtovu, chitsulo cha poizoni. Atafunsa komwe tinatenga timiyala tapabwalo, amuna anga a Gwynfor anavomera. Ndiwo anatuta chaka chatha ku milu ya mgodi wakale wa mtovu kuphiriku, ati sitimeretsa udzu. Kuno ambiri amathira tomweto m'tinjira. Koma iwo saweta nkhuku.

"Mazirawo musadye," watero dokotala. Ife sitidya, a Gwynfor ndinawaletsa chifukwa cha matenda a mtima. Onse iwo amakatula kwa mwana wathu Eirlys, sabata iliyonse. Eirlys ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi.

Lachinayi, 6 Malichi

Eirlys amutenga magazi kuchipatala. Akuti tidikire. Chakudya sichikulowa.

A Gwynfor akupala bwalo ndi fosholo, mvula ili pamsana. Sindikuwayankhula. Agogo awo anagwira mumgodimo mpaka unatsekedwa, anamwalira akutsokomola. Mahatchi ankapenga akamwa mumtsinje wodutsa pamgodipo. Zonsezi amafotokozera alendo okha, atanyamula mwala wa mtovu, wotuwa wolemera, umene umakhala pawindo. Potuta anaiwala?

Lachitatu, 12 Malichi

Magazi a Eirlys ali bwino! Ndangokhala pansi m'khitchini, misozi chuchuchu. Namwino mpaka wadabwa, ati mtovu mulibe ndi pang'ono pomwe. Ndaphika keke. A Gwynfor nawonso ndawadulira.

Lamlungu, 16 Malichi

Eirlys waulula. Chitengereni pakati, mazira amamuchititsa nseru, sanadyeko ndi limodzi lomwe. "Ndimaopa kukukhumudwitsani, amayi. Inu ndi nkhuku zanuzo!"

Nanga ankapita kuti? M'mimba mwa bambo ake. Akafika nawo, Eirlys ankawakazingira anayi, otsala n'kuwawiritsira kuti azikadyera koweta nkhosa. Miyezi isanu ndi umodzi! Ine kuno kalikiliki kuwaphikira phala lopanda mchere. Onse awiri ankadziwa, n'kundisiya ndikuuma ndi mantha. Amaopa ine kuposa mtovu.

Mawa m'mawa a Gwynfor akayezetse, afune asafune.

Lachisanu, 28 Malichi

Zotsatira zawo zabwera. Mtovu ulimo, koma adokotala ati si wakupha, utsika wokha. Akayezetsenso mu Juni. Mtima wakhala pansi tsopano.

Pobwerera tinali awiri m'galimoto. Kenaka iwo: "Ngakhale ndikanadziwa, mayi, ndikanadyabe onsewo. Bola ine."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwakalipire. Ndinangowagwira bondo mpaka pageti.