Funso la Mtsinje wa Kwathu

Los Angeles,
15 Novembala 2018

Okondedwa achimwene a Curtis,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga a Marlys, ndiponso kuti bondo lija lasiya kukuvutitsani mukamakwera m'boti. Mudabwa kulandira kalata yapamanja kuchokera kwa munthu amene amakuimbirani foni Lamlungu lililonse. Mwina mwaona kuti masiku ano ndikumafulumira kutsanzika. Sikuti ndatopa nanu ayi. Pa foni mawu akandithawa mumandimva ndili zii, koma papepala ndikhoza kuwadikira mpaka abwerere, inu osadziwa kuti ndinaima.

Mpikisano wa akatswiri a mafunso uja watha dzulo. Anatilumbiritsa kuti tisauze munthu zotsatira mpaka adzauonetse pa kanema mu Malichi, choncho zimene ndilembe pano zithere m'khitchini mwanumo ku Kodiak. Ndinafika ndime yomaliza ndipo ndakhala wachitatu. Musayambe mwakondwa, werengani kaye.

Mu Ogasiti ndinapita kwa dokotala kwathu ku Toledo. Chinandipititsa n'choti tsiku lina ndikuphunzitsa mbiri yakale, ndinafuna kuuza ana kuti atseke zenera, koma liwu loti zenera linasowa. Ndinangoloza ndi chala, ana n'kumaseka poyesa ndikuchita nthabwala. Anandiyeza, anandijambula m'mutu, kenako anandiitanitsa. Ndi matenda omwe aja, achimwene, amene anatenga amayi. Iwo anawapeza atakalamba, ine andifulumirira. Sabata yomweyo a kanema anandiimbira kuti poti chaka chatha ndinapambana kangapo, andisankha kudzapikisana ndi akatswiri anzanga. Ndinavomera foni isanathe. Ndinaganiza za mphotho ija, ndinaganizanso za nyumba zosamalirako odwala otere, zimene ife tinalephera kuwapezera amayi. Inu munali kunyanja zaka zimenezo, ndipo sindikukudandaulani, koma simunaone zimene ndinaona ine. Sindifuna mwana wanga Colleen adzandisambitse ine ndikumutukwana ngati wakuba.

Mukudziwa mmene bolodi la mafunso lija limakhalira: mafunso a pamwamba ndi ophweka, a ndalama zochepa, ndipo ukamatsika amanka nalimba, ndalama n'kumakwera. Matendawa ali ndi nkhanza yachilendo. Mafunso a pansi, a mapangano a mafumu akalekale ndi mayina a Chilatini amene ndinaloweza ndili mtsikana, akadali m'mutu muno ngati misomali. Zimene zikundithawa ndi za pamwambazo, zimene ngakhale mwana wa mkaka akhoza kuyankha. M'ndime yoyamba kunabwera funso la chipatso chobiriwira cha nthanga imodzi yaikulu chimene a ku Mexico amasinja n'kuthira mchere ndi mandimu. Ndinadina kabatani koyankhira ndisanaganize, chifukwa ndinkachidziwa. Ndinkachiona chitang'ambidwa pakati, ndinkamva kukoma kwake pa lilime. A Whitlock, amene amafunsa mafunso aja, anandiyang'ana akudikira, ine kukamwa yasaa, mpaka kabelu kanalira.

M'chipinda chodikirira munali mayi wina wa ku Texas, dzina lake Bettina, wolongolola koma wamtima wabwino. Anandimenya paphewa n'kunena kuti, "Amayi inu, mafumu onse a ku Perisiya mukuwadziwa ndi agogo awo omwe, koma peyala lakukanikani? Kwanu ku Ohio mumadya chiyani, matalala?"

Ndinaseka nawo, ndinati magetsi aja anandithobwa m'maso. Koma kuyambira pamenepo ndinasintha kasewero. Mafunso a pamwamba ndinawasiyira anzanga, chala changa osachilola kudina ngakhale chikuyabwa. Ikafika nthawi yanga yosankha ndinkathamangira pansi penipeni, pa ovutawo. Anthu anayamba kunong'onezana kuti mphunzitsi wa ku Toledo ndi wolimba mtima, sataya nthawi ndi timafunso ta ana. Sanadziwe kuti ndikuthawa.

Ndime yachiwiri ndi imene ndikufuna muimve bwino, chifukwa mukadzaionera mudzaseka monga anasekera anthu onse, ndipo sindifuna mudzaseke. Pa ndime imeneyo wopambana yekha ndiye amapitirira. Ndinakumana ndi Bettina yemwe uja, ndi mnyamata wina wa ku New Jersey, Anand Pillai, wokonza mapulogalamu a makompyuta, wa chala chofulumira ngati mphezi. Pofika pa funso lotsiriza Anand anali ndi madola 16,000, ine 12,000, Bettina 5,000. Funso lotsirizalo amayamba akuonetsani mutu wake wokha, aliyense n'kulemba mobisa ndalama zimene akubetcha, kenako ndiye funso limabwera. Ukakhoza amakuwonjezera zimene wabetchazo, ukalakwa amakuchotsera.

Mutu unatuluka: Nkhondo ndi Mitsinje. Achimwene, zimenezo ndi zimene ndaphunzitsa moyo wanga wonse. Chikanakhala chaka chatha ndikanaika zonse osaphethira. Anatipatsa pepala ndi pensulo kuti tiwerengere. Ndinaganiza chonchi: Anand ndi wamasamu, aopa kuti ine ndiika zonse, ndiye abetcha zochuluka kuti ngakhale ndikhoze andipose. Akakhoza, ine ndagonja basi, kaya ndibetche zingati. Koma akalakwa agwera pansi panga, bola ine ndisataye kanthu. Bettina ngakhale aike zonse n'kukhoza sangandipeze. Ndiye panali njira ziwiri, kudalira mutu wanga kapena kudalira kuti funsolo likhale lovuta moti mnyamatayo aphonye. Ndinayang'ana mutu wa funso uja, mutu wanga weniweni, ndipo ndinalemba ziro.

Funso linabwera. Linati nkhondo ya ku Fallen Timbers ya m'chaka cha 1794 inamenyedwa m'mbali mwa mtsinje uti.

Mukuona, achimwene? Pa mafunso onse a pa dziko lapansi anasankha limenelo. Kanyimbo kodikirira kaja kanayamba kulira, ine n'kuona zonse. Ndinaona madzi a matope aja a mu Epulo, amuna atandandalika m'madzi mpaka m'chiuno akuwedza nsomba zikamakwera kudzaswa. Ndinaona bambo atavala nsapato zawo zamphira zofika m'chifuwa, inu mukulira chifukwa mbedza inakukolani pa khutu, ine nditakhala pa mwala ndi botolo la koko wotentha. Ndinaona chipilala cha nkhondoyo chimene ndapitako ndi ana a sukulu chaka chilichonse. Ndinamva ngakhale fungo lake. Dzina lokha ndilo kunalibe. Pamalo pake panali poyera ngati pakhoma pamene achotsapo chithunzi. Ndinayesa kutchula zilembo chimodzichimodzi mumtima, ndinayesa kukumbukira chikwangwani cha pa mlatho, osatheka. Kanyimbo kali pafupi kutha ndinalemba mawu awiri kuti ndisasiye popanda kanthu.

Anayamba kuonetsa yankho la Bettina. Analemba mtsinje wa Ohio, n'kulakwa. Kenako langa linatuluka pa kanema wamkulu, anthu onse akuona: wa kwathu.

A Whitlock anavula magalasi. "A Noreen, inu si a ku Toledo kodi?"

"Ndine wa konko," ndinatero.

"Ndiye mukuti ife tikaufufuze tokha mtsinje wa kwanuwo? Tione mwabetcha zingati." Ziro uja ataoneka, holo yonse inaphulika ndi kuseka. Iwo anapukusa mutu n'kunena kuti, "Amayi awa ndi oopsa. Sanafune n'kutopetsa dzanja komwe."

Anand analemba Wabash. Anabetcha zochuluka monga ndinaganizira, ndipo anagwera pansi panga. A Whitlock atatchula yankho loona, Maumee, linandilowa m'khutu ngati dzina la munthu wachilendo, kenako linakhazikika pamalo pake ngati silinachokepo. Onani, pano ndalilemba popanda vuto. Anthu anaimirira kundiombera m'manja. Amati ndi kubetcha kwanzeru kumene sikunaonekepo chaka chino.

Tikutuluka, Anand anandipeza m'khonde ndikumwa madzi. Ndinayesa abwera kudzadandaula, popeza ndinamulanda malo popanda kuyankha. Anaima pafupi nane, maso ali pa khoma.

"Amayi, mundikhululukire ngati ndikulowerera za eni," anatero. "Ine ndinaima pambali panu. Milomo yanu imayenda nthawi yonse ija. Munthu wochita nthabwala sachita thukuta chonchija."

Ndinamwanso madzi.

"Bambo anga anayamba ndi mayina a ndiwo," anapitiriza. "Ankati patseni chakuti chija, chakuti chija. Ife tinkawaseka chaka chathunthu. Chimene chimandipweteka mpaka lero ndi chaka chimenecho. Alipo amene mwamuuza?"

Ndinati palibe. Ndinamupempha kuti asauze a kanema, poopa kuti angandichotse. Iye anati, "Mwandigonjetsa mwachilungamo, masamu anu anali olondola. Ine ndilibe choti ndikanene. Koma uzani munthu mmodzi, ngakhale mmodzi yekha." Anandigwira dzanja n'kumapita kukatenga chikwama chake. Mwana wa eni ake, amene ndinali nditangomulanda mwayi wa moyo wake.

Za ndime yomaliza ndilibe zambiri zoti ndinene. Anaijambula masana, ndipo masana mutu wanga umakhala ngati m'nyumba mwalowa utsi. Anzanga awiriwo anali akatswiri enieni, anandilanda ngakhale mafunso a pansi amene ndinkadalira. Pa funso lotsiriza ndinali kumbuyo kwambiri moti panalibenso masamu ondipulumutsa. Ndinaika zonse, ndinakhoza, koma sizinakwane. Mphotho ya wachitatu si yochepa, koma ndafunsa kale mitengo ya nyumba zija, ndipo singandisunge nthawi imene amayi anakhala akudwala.

Colleen anabwera kuchokera ku Chicago kudzaonera. Madzulo anandipititsa kokadya pafupi ndi hotelo, ndipo ndinali nditatsimikiza mtima kuti ndimuuza, mawu a Anand akundilira m'khutu. Tisanaitanitse chakudya iye anayamba.

"Amayi, mwandichititsa manyazi ndi mtsinje uja. Anzanga onse a ku Toledo adzandiseka. Bwanji simunangolemba?"

"Ndinabetcha ziro, mwanawe. Kulemba kapena kusalemba zinali chimodzimodzi."

"Inu nomwe? Amene munkandibweza kusukulu ndikaiwala kadontho pa homuweki?" Anandiyang'anitsitsa pang'ono. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambe. Koma iye anaseka, n'kukankhira kutali kapu ya vinyo imene anamuikira. "Basi, ndakukhululukirani, chifukwa nanenso ndili ndi nkhani. Simunaone kuti sindikumwa? Mu Meyi mukhala agogo. Ndipo musaganize zothawa, ndawauza kale abambo ake a mwanayu kuti chilimwe chonse mudzakhala kwathu, mudzatilerere. Sindingakhulupirire munthu wina."

Achimwene, mukanakhala inu mukanatani? Ndinadzuka, ndinamukumbatira, ndinalira, iye n'kumayesa ndi chimwemwe chokha. China chinalidi chimwemwe. Koma m'maso mwanga ndinkaona khanda lili m'bafa, madzi akutuluka, ine nditaima pakhonde osadziwa chimene ndatulukira. Amayi anasiya mbaula ikuyaka kangati? Sindinamuuze. Wanyamuka m'mawa uno akuimba nyimbo, ine ndatsala m'chipinda muno kudikira ndege yamasana.

Tsono ndili ndi zopempha, ndipo musandiyankhe kuti tiona. Bwerani pa Khirisimasi, musadikire Malichi. Ndikudziwa ulendo wochokera kumeneko ndi wautali ndiponso wodula, tikiti ndilipira ine. Ndikufuna mukhale pampando wa pambali panga pamene ndikumuuza Colleen, kuti mawu akandithera mumalize ndinu. Ndikufunanso tipite limodzi kwa loya ndikadali wotha kusayina dzina langa ndikudziwa chimene ndikusayina, kuti zonse za ine zikhale m'manja mwanu, osati mwa iye. Chachitatu ndicho chovuta. Ikadzafika nthawi, mudzandipititse ku nyumba yosamalirako odwala ija ngakhale ndidzalire, ngakhale ndidzagwire chitseko, ngakhale ndidzanene kuti simuli m'bale wanga. Colleen adzakana, adzati andisunga yekha, chifukwa ndi mwana wanga ndipo anandiona ine ndikuchita zomwezo. Mudzamukanize. Amene akukupemphani ndi ine wa lero, ndipo mudzamvere ineyo, osati amene mudzamupeze nthawi imeneyo.

Ndili ndi mantha, achimwene. Dokotala akuti mwina zipita pang'onopang'ono, koma iye sanaime pamene ndinaima ine.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Marlys, muwauze kuti nsomba zouma zija zinafika bwino ndipo ndinagawirako aneba. Moni kwa Travis ndi mkazi wake, ndi kwa Shelby, ndamva kuti wayamba ntchito ku chipatala, ndanyadira kwambiri. Moninso kwa wotsiriza wanu, mtsikana wanga wa tsitsi lofiira, amene ndinamunyamula pa ubatizo wake atavala diresi limene ndinasoka ndekha. Ndakhala pano nthawi yaitali cholembera chili m'manja. Nkhope yake ndikuiona bwinobwino, ndi kampata ka mano kaja. Mumupsompsone m'malo mwanga, ndipo chonde musamuuze kuti azakhali ake anasiya mpata pamzere uno.

Ine mlongo wanu wokukondani,
Noreen