Ismail Athamangira Kopanda Mpira

Lachisanu, 10 Januwale

Ndakumbuka bwalo la kwathu ku Namwera. Mpira wa mapepala ukagwa, tonse tinkauunjikira, fumbi koboo, mng'ono wanga Ismail akukwawa pakati pa miyendo yathu kuti naye augunde.

Kuno ku dziko la Aluya komwe tikugwira ntchito timasewera mpira wa ku Australia, uja wonga dzira, wowakha ndi manja. Lero kochi wathu Edwin wati Ismail azithawira kumbali kwa bwalo, omulonda am'tsatire, pakati patsale poyera kuti wamtali wathu alowepo, awakhe. Ndamumasulira Ismail ndine, poti chizungu sachimva bwino. Zatheka, tapambana. Koma Ismail mpira sanaukhudze n'komwe.

Loweruka, 11 Januwale

Mlamu Sakina, mkazi wa Ismail, waonera kumudzi kavidiyo ka pafoni ka masewero adzulo. Akuti ana akufunsa chomwe bambo awo akuthawa.

Ismail wandiimbira. "Achimwene, ku duty ndimaima pageti tsiku lonse, anthu n'kumandidutsa ngati mtengo. Pa off ndizikhalanso nyambo? Khalas, basi zatha!"

Watuluka m'gulu la timu la pafoni.

Lolemba, 13 Januwale

Sakuyankha. Chaka chatha asanayambe mpira ankangodzitsekera m'chipinda chija cha ku Mansoura, wowonda, osalankhula ndi munthu. Ndikuopa abwerera komweko.

Lachiwiri, 14 Januwale

Ziii.

Lachitatu, 15 Januwale

Ndamufotokozera Edwin. Wagwira kumutu. Akuti omulonda satsatira munthu wamba, amatsatira amene akumuopa. Wandipatsa vidiyo ina, yojambulidwa pamwamba, yoonetsa bwalo lonse. Ismail akutembenuka, akuliyatsa, azungu awiri akum'londola, ndipo kumbuyo kwawo kukutseguka malo oti n'kuimikapo basi.

Ndaitumiza kwa mlamu, osati kwa iye. Chitumizireni mtima suli m'malo. Mwina ndalowerera za m'banja la eni. Ismail akapsa mtima, ndiye kuti Lachisanu lililonse ndatsala ndekha.

Lachinayi, 16 Januwale

Foni yalira ndili mu sitima ya metro. Uthenga wamawu, wa Ismail. Ndauyang'ana mpaka ndapitirira siteshoni yanga.

"Achimwene, mwayamba liti kutumizirana mavidiyo ndi akazi a eni? Sakina akuti azungu aja amandithamangitsa ngati ndawabera mbuzi. Ana aionetsa mudzi wonse. Mawa tikachoka ku mapemphero a Juma tikumane pa tiyi wa karak paja. Edwin abwere. Ndili ndi mawu, ndipo mukamasulire onse. Osamachotsako ngati muja mumachitira."